Achemwali, wa ku Zombayo musamulembe

Mwafunsa ngati mungalembe ana anu onse awiri pa fomu ya msonkho kuti mulandire Child Tax Credit, ndalama imene boma la America limachotsera makolo pa msonkho chifukwa cha ana, wamng'ono wobadwira kuno ku Indiana ndi wamkulu amene ali ndi agogo ake ku Zomba, komanso ngati maovataimu sangakudumphitseni malire a ndalama.

Ndiyambe ndi yowawayo. Wa ku Zomba salowa. Ndikudziwa kuti fizi, yunifolomu, ngakhale matumba a chimanga a agogowo zonse zikuchokera m'thumba mwanu, koma a IRS, bungwe lotolera msonkho kuno ku America, sayang'ana amene akutumiza ndalama. Pa Child Tax Credit amafuna mwana amene wagona nyumba imodzi ndi inu kupitirira theka la chaka, wokhala ndi nambala ya Social Security, nzika ya America kapena wokhala m'dziko muno, komanso wosakwana zaka 17 pofika pa 31 December. Ngakhale $500 ya Credit for Other Dependents, ya anthu ena amene mumawasamalira, simukhudza mwana amene ali kumudzi ndipo si nzika ya kuno. Imeneyo ndi ya ngati mwana wazaka 17 amene mukukhala naye.

Wamng'onoyo ndiye alibe vuto. Pa msonkho wa 2025 ndi $2,200 mwana mmodzi, mumadzaza fomu ya Schedule 8812 pamodzi ndi 1040, fomu yanu yaikulu ya msonkho. Chimene chinasintha kuyambira msonkho wa 2025 n'choti inunso kholo mukhale ndi Social Security, ITIN yokha (nambala ya msonkho ya amene alibe Social Security) sikukwanira. Ngati mumalemba limodzi ndi bambo a kunyumba, mmodzi mwa inu akakhala nayo basi.

Za malirezo musasowe nazo tulo. Amayamba kudula mukapitirira $200,000 pa chaka ngati mumalemba nokha, kapena $400,000 ngati banja, ndipo amangochotsa $50 pa $1,000 iliyonse yopitirira. Ife a ntchito zosamalira okalambafe tingafike liti kumeneko? Maovataimuwo gwirani.

Malire amene amatiluma ambirife ndi apansi. Ndalamayi imayamba yachepetsa msonkho umene mukuyenera kupereka. Ngati msonkho wanu ndi wochepa, yotsalayo amakubwezerani, koma osaposa $1,700 pa mwana, ndipo amawerengera 15 peresenti ya zimene mwagwirira ntchito pamwamba pa $2,500. Amene wapeza $12,500 chaka chonse, mwachitsanzo, abwezeredwa $1,500. Ndiye musadabwe wina akalandira zosiyana ndi zanu. Komanso cheke chake sichituluka February asanafike pakati, lamulo limatero, musayambiretu kulonjeza anthu kumudzi.

Chimene chimandiwawa ine ndi anthu odzaza mafomu aja amati "bweretsani mayina a ana onse, tikupezerani zambiri". Siginecha ya pa fomupo ndi yanu, osati yawo. A IRS akaona kuti munalemba mwana mosasamala malamulo amakuletsani ndalamayi zaka 2, akapeza chinyengo zaka 10, kuwonjezera pa kubweza zimene munalandira. Inu muli ndi mapepala oti mudzamuitanitsire mwana wa ku Zombayo. Akadzafika, akhale nanu miyezi yoposa 6 m'chakacho ali ndi nambala yake, mudzamulembe ngati zaka 17 zisanakwane.