Razor Pages, MVC kapena Blazor Server: nditsate njira iti?

Funso: Akonzi, ndikufuna kupanga pulogalamu ya pa intaneti yolembera mayina ndi malikisi a ana asukulu pogwiritsa ntchito ASP.NET Core, chida cha Microsoft chopangira mapulogalamu otere. Ndisankhe iti pakati pa njira zake zitatu izi: Razor Pages, MVC ndi Blazor Server? Ndine wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Tengani Razor Pages, yomwe inabwera mu 2017. Ntchito yanuyi ndi ya mafomu, ndipo apa tsamba lililonse limakhala ndi mafayilo awiri okha: .cshtml ya maonekedwe, ndi .cshtml.cs ya khodi (malamulo a pulogalamu), momwe gawo lotchedwa OnGet limatsegula tsamba, la OnPost n'kulandira zomwe zalembedwa. Chikalakwika, simufufuza kutali.

MVC imachitanso zomwezi, koma imamwaza khodi m'mafoda atatu, Models, Views ndi Controllers. Kwa munthu wogwira yekha, n'kudzichulukitsira ntchito.

Blazor Server muisamale kwambiri. Batani lililonse mukadina, uthenga umapita ku seva (kompyuta yomwe ikuyendetsa pulogalamuyo) kudzera pa SignalR, chida cholumikizira tsamba ndi seva, choncho kulumikizana kuyenera kukhalapo nthawi zonse. Netiweki ikaduka, tsamba limangouma, ndipo ikachedwa kubwerera, malikisi omwe aphunzitsi anali asanasunge akhoza kutayika. Seva imasunganso zochita za aliyense m'memori yake, motero anthu akachuluka imalemedwa.

Wina akakuuzani za njira yakale ya Web Forms ya mu 2002, dziwani kuti mu ASP.NET Core mulibe.