Mafunso a Owerenga: Dzimbiri pa Makina ndi Zida za M'shopu ya Pakhomo

Funso: Chaka chatha ndinagula makina akale osemera zitsulo, aja timawatcha lathe, pamodzi ndi drilo yoimirira, ndipo ndinaika zonsezi m'shopu yaing'ono imene ndinamanga kuseri kwa nyumba. Denga ndi la malata ndipo silidontha ngakhale mvula ivumbe bwanji, koma dzinja likangoyamba, m'mawa uliwonse ndimapeza njanji za lathe (zitsulo zosalala zimene mbali zoyenda za makinawo zimatsetserekapo) ndi tebulo la drilo zitafiirira ndi dzimbiri. Kodi madzi amenewa akuchokera kuti? Bambo wa ku Ndirande, Blantyre.

Yankho: Bambo, madzi amene akukuvutitsaniwo sakudzera padenga ayi, akuchokera mumpweya wa m'shopu mwanu momwemo. Lathe ndi chitsulo cholemera kwambiri chimene chimazizira usiku wonse ndipo chimachedwa kufunda kukacha. Dzuwa likawomba malata, mpweya wa m'chipindamo umafunda msanga, ndipo mpweya wofunda ndi wachinyeziwo ukakhudza chitsulo chozizira umasiya timadontho ta mame, monga momwe botolo la chakumwa limachitira thukuta mukangolitulutsa mufiriji. Timadonthoti nthawi zambiri sitioneka ndi maso, koma pa chitsulo chosapakidwa kanthu tikhoza kuyambitsa dzimbiri m'maola ochepa. Malata nawonso amagwira mame kunsi kwake usiku wopanda mitambo, ndipo mbandakucha amadonthezera pa chilichonse chimene chili pansi pake, ngakhale alibe bowo ndi limodzi lomwe.

Chitsulo chimayamba kuchita dzimbiri mofulumira chinyezi cha mumpweya chikapitirira pafupifupi 60 peresenti, ndipo kuno kwathu kuyambira December mpaka March mpweya umapitirira pamenepa masiku ambiri. Inu a ku Blantyre, pamodzi ndi anzanu a ku Thyolo ndi Mulanje, musapume mvula ikatha, chifukwa chiperoni cha m'miyezi yozizira chimabweretsa vuto lomweli pa nthawi imene amisiri ambiri amakhala atasiya kupaka oilo.

Choyamba muthane ndi denga. Ngati ndalama zilipo khomani siling'i, ndipo ngati palibe, thabwa lopyapyala lopachikidwa pamwamba pa makina ndi lokwanira kugwira madontho a m'malata. Siyaninso mipata pamwamba pa makoma awiri oyang'anana kuti mpweya uziyenda, popeza chipinda chotsekeka ndithu chimasunga chinyezi chochokera pansi ndi m'makoma. Simenti imakoka madzi m'nthaka, makamaka ngati pomanga simunayale pulasitiki pansi pake, choncho mabokosi a zida asakhale pansi kapena kutsamira khoma. Akwezeni pa matabwa kapena pashelefu.

Pofunditsa makina gwiritsani ntchito nsalu ya thonje, monga bedishiti yakale, osati pepala la pulasitiki. Ambiri amaganiza kuti pulasitiki ndiye chitetezo chenicheni, koma m'chipinda chotere amatsekera chinyezi mkati, ndipo mukadzavundukula pakatha sabata mudzapeza dzimbiri loposa la makina amene anangokhala pamtunda. Nsalu imachedwetsa mpweya wofunda kufika pachitsulo, koma imalola chinyezi kutuluka.

Funso: Ine ndimapaka zida zanga oilo wakuda amene ndimapempha kugalaja akamasintha oilo wa galimoto. Mnzanga akuti ndikuwononga zida, ndizigula WD-40, mafuta aja opopera a m'kachitini. Ndani akulondola? Mmisiri wa ku Mchesi, Lilongwe.

Yankho: Mnzanuyo walondola mbali imodzi yokha. Oilo amene wagwira kale ntchito mu injini amakhala ndi mwaye, tizidutswa ta chitsulo, madzi pang'ono ndi asidi wochokera ku mafuta oyaka. Pa khasu kapena wilibala sindingakuletseni, koma pa njanji za makina zinyalala zimenezo zimapala chitsulo nthawi iliyonse mbali zoyenda zikamatsetsereka, ndipo makina amayamba kusema mosalondola. Oilo ameneyu si wabwinonso pakhungu la munthu amene amamugwira tsiku ndi tsiku.

WD-40 inapangidwa mu 1953 ku San Diego, m'dziko la America, ndipo ntchito imene imaigwira bwino ndi kuthamangitsa madzi pa chitsulo chimene chanyowa komanso kumasula mabawuti olimba. Vuto lake ndi lakuti gawo lalikulu limauluka, n'kusiya mafuta ochepa kwambiri amene sangateteze chida dzinja lonse. Ipopereni pa chida chonyowa, pukutani, kenako pakani oilo weniweni.

Pa njanji za lathe pali oilo wake wopangidwira ntchito imeneyi, amene amamatirira pachitsulo osayenderera, ndipo wodziwika kwambiri ndi wa nambala ISO 68. Mukamusowa, oilo watsopano wa injini ndi wabwino kuposa wakudayo kutalitali. Zida zimene mukuziika padera kwa miyezi ingapo muzipake girizi kapena Vaseline, ndipo tebulo la makina ochekera matabwa mulipake phula la njuchi n'kulipukuta bwino, chifukwa oilo amadetsa matabwa. Mafuta ophikira musayese n'komwe: pakapita nthawi amasasa n'kusanduka zomata zimene zimagwira fumbi ndi kumanga mbali zoyenda. Ndionjezere kuti thukuta la m'manja lili ndi mchere, ndipo pali anthu amene akangogwira chitsulo chosalala, mawa lake zala zawo zimaoneka zitadindika ndi dzimbiri. Kansalu ka oilo kazikhala pafupi, ndipo musanatseke shopu madzulo chotsani tizitsulo tosemedwa ndi utuchi, zimene zimasunga chinyezi, kenako pukutani paliponse pamene manja anagwira.

Funso: Ndili ndi zida zing'onozing'ono zodula, monga zoyezera zotchedwa micrometer ndi vernier, ma chuck awiri (zogwirira chinthu chimene chikusemedwa pa makina), zoboolera ndi zodulira mazinga a mabawuti. Ndimazikulunga m'nyuzipepala n'kuziika m'katoni m'chipinda chimene timasungiramo katundu wa pakhomo, koma zikuchitabe dzimbiri. Ndizisunge motani? Mayi wa ku Nkhata Bay.

Yankho: Mayi, musanachite china chilichonse, kayang'aneni katundu amene ali m'chipindamo. Ngati muli matumba a feteleza, kaya wa Urea kapena CAN, mdani wanu ndi ameneyo, chifukwa feteleza amakoka chinyezi ndipo fumbi lake limadya chitsulo koopsa. Chimodzimodzinso mchere, asidi wa mabatire ndi klorini wothira m'madzi. Mpweya wotuluka m'botolo la asidi losatsekedwa bwino ukhoza kufiiritsa zida za m'chipinda chonse. Zinthu zimenezi ndi zida zanu zisagone chipinda chimodzi.

Nyuzipepala ndi katoni zimamwa chinyezi n'kuchisunga pachitsulo pomwepo, ndipo kwanuko ku Nkhata Bay, kumene mvula imagwa yambiri komanso nyanja ili pafupi, pepala silikhala louma kwenikweni. Pezani chotengera chotsekeka bwino, monga bokosi la pulasitiki losungiramo chakudya kapena chidebe cha penti cha malita 20 chimene chivundikiro chake chikadali chokwana. Apa pulasitiki ndi wothandiza chifukwa mpweya wa kunja sulowa, koma pali lamulo lake: zida zilowemo zili zouma ndi zopakidwa oilo, mutseke masana kunja kukutentha, ndipo mkatimo muikemo chinthu chomwa chinyezi. Chinthucho ndi silica gel, timikanda tija timabwera m'timapaketi m'mabokosi a nsapato ndi a zipangizo zamagetsi. Timapaketi tiwiri kapena titatu sitikwanira chidebe chonse, choncho sonkhanitsani tambiri kapena gulani wapaketi yaikulu. Akakhuta madzi amasiya kugwira ntchito, koma mukamuumitsa mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120 kwa ola limodzi kapena awiri amabwerera mwakale. Wina amasintha mtundu kuti mudziwe nthawi youmitsa: wabuluu amasanduka wapinki, ndipo wamtundu wa lalanje kawirikawiri amasanduka wobiriwira. Mpunga umene ena amathira m'bokosi umathandiza pang'ono kwambiri, ndipo umaitana anankafumbwe.

Micrometer ndi vernier muzipake oilo wopepuka, ngati uja wa makina osokera, ndipo posunga micrometer musaitseke mpaka nkhope zake ziwiri kugundana. Siyani kampata kuti chinyezi chisatsekeredwe pakati. Zoboolera ndi zodulira mazinga zisamagundane m'bokosi chifukwa mano ake amabenthuka. Ngati muli ndi kabati yachitsulo ndi magetsi, babu lakale lija lotentha la mawati 15 kapena 25 loyaka mkatimo limafunditsa zida pang'ono kuti mame asagwirepo. Babu la LED silitentha mokwanira pa ntchito imeneyi, ndipo nsanza za oilo zikhale kutali ndi babulo.

Funso: Madzi a mvula analowa m'shopu n'kunyowetsa mota ya makina onolera, ndipo zida zina zachita kale dzimbiri. Kodi zingapulumuke? Wowerenga wa ku Chikwawa.

Yankho: Motayo musaiyatse kuti muone ngati ikugwira ntchito, chifukwa madzi akakhala m'mawaya a mkati ikhoza kupsa nthawi yomweyo kapena kukugwiritsani magetsi. Itsegulani, tsukani matope, iyanikeni padzuwa masiku angapo, kenako katswiri wa zamagetsi ayeze ndi chipangizo chotchedwa megger ngati zotchinga za mawaya zikadali bwino. Mabering'i amene munalowa madzi amatope ndi bwino kungowasintha.

Dzimbiri lapamwamba limachoka ndi palafini ndi waya wofewa wotsukira, mukamapukuta motsatira utali wa chitsulo. Masipanala ndi zida zina zosafuna muyeso mukhoza kuziviika mu viniga usiku umodzi, kenako muzitsuke m'madzi a soda wophikira, muziumitse msanga ndi kupaka oilo nthawi yomweyo, popeza chitsulo chotuluka mu viniga chimachitanso dzimbiri m'kanthawi kochepa. Koma viniga ndi sandipepa wokhakhala zisakhudze njanji za lathe, mkati mwa chuck kapena zida zoyezera, chifukwa chitsulo chimene mungachotse pamenepo sichibwereranso. Ngati dzimbiri lasiya timaenje pamalo oterowo, chotsani lofiiralo lokha, timaenjeto mutisiye momwemo, ndipo mupake oilo.