Mwana wanga akufuna kukagwira ntchito yaulere m'nkhalango ya yunivesite

FUNSO

Akonzi, mwana wanga wamkazi ali m'chaka chachiwiri cha digiri yoyamba ya sayansi ya zamoyo pa yunivesite ina ku England, kumene anapita ndi sikolashipu. Wandiuza kuti pa tchuthi chachitali chikubwerachi sabwera kumudzi, komanso sagwira ganyu ya m'sitolo ngati chaka chatha, chifukwa wapeza malo othandiza akatswiri a kafukufuku m'nkhalango imene yunivesite yawoyo imasunga. Akuti malipiro palibe, ntchito yake ndi yongodzipereka, ndipo azikawerenga mbalame ndi kuyeza mitengo. Ine ndinakulira kumudzi, tchire ndimalidziwa, ndiye zikundivuta kumvetsa kuti munthu awoloke nyanja n'kukagwira ntchito yaulere kuthengo. Kodi zimenezi zili ndi phindu pa maphunziro ake, kapena akungomudyera masuku pamutu?

Mayi wodera nkhawa, Kasungu

YANKHO

Mayi, nkhawa yanuyi ndi yomveka, pakuti ganyu ya m'sitolo imabweretsa ndalama imene munthu amaigwira m'manja pakutha pa mwezi, pomwe phindu la ntchito ya kuthengoyi silioneka msanga. Komabe ife tikuona kuti mumulole, bola ayambe wafunsa bwino zinthu zingapo zimene tizitchule kutsogoloku.

Nkhalango ya yunivesite ili ngati labotale yopanda denga. Simunatchule yunivesite ya mwana wanu, choncho titenge chitsanzo cha nkhalango yodziwika kwambiri m'dzikolo, ya Wytham Woods, imene ili pafupi ndi mzinda wa Oxford. Ndi ya maekala pafupifupi 1,000, ndipo yakhala m'manja mwa University of Oxford kuyambira 1942, itaperekedwa ndi banja la ffennell. M'chaka cha 1947, David Lack ndi anzake anayamba kulondoloza moyo wa kambalame kotchedwa great tit, kakang'ono ngati mpheta, kolemera magalamu 18 okha kapena kuposerapo pang'ono. Kafukufukuyo sanalekeke mpaka lero, ndipo m'mitengo ya m'nkhalangomo muli mabokosi oposa 1,000 amene timbalameti timamangamo zisa.

Mabokosi onsewo amafuna kuyenderedwa, ndipo pulofesa mmodzi sangawamalize. M'miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni, pamene kuzizira kwatha ndipo mitengo ikuphuka, othandiza amalawirira m'mamawa, aliyense ndi chigawo chake cha nkhalango, n'kumasuzumira bokosi ndi bokosi kamodzi pa sabata kapena kuposerapo. Amalemba ngati chisa chayamba kumangidwa, ngati muli mazira, komanso kuchuluka kwake. Popeza kambalameka kamaikira dzira limodzi pa tsiku, munthu akapeza mazira anayi Lachinayi amawerengera chambuyo n'kudziwa kuti loyamba linaikiridwa Lolemba, ndipo tsiku limenelo ndilo chuma cha kafukufuku yense. Anapiye akakwanitsa masiku 15 amawatulutsa mmodzimmodzi, kuwayeza pa kasikelo, kuwaveka kamphete kachitsulo ka nambala kumwendo, kenako kuwabwezera m'chisa. Kuveka mpheteko sikuchitika mwachisawawa, chifukwa ku Britain munthu amayamba waphunzitsidwa ndi kupatsidwa chilolezo ndi bungwe la British Trust for Ornithology, ndiye wophunzira watsopano kawirikawiri amayamba ndi kugwira kope ndi pensulo.

Mwina mukudabwa kuti kuwerenga mazira kungapindulire ndani. Chifukwa choti masiku amenewa akhala akulembedwa chaka ndi chaka kwa zaka zoposa 75, zadziwika kuti timbalameti tsopano timaikira mazira mofulumirako ndi masabata oposa awiri poyerekeza ndi kale. Kunja kukutentha msanga, mitengo ya oak ikuphuka msanga, mbozi zimene zimadya masamba ake anthete zikutuluka msanga, ndipo mbalame zimene zimalera anapiye ake ndi mbozizo zikuyenera kufulumira kuti chakudya chisawapite. Umenewu ndi umodzi mwa maumboni omveka bwino a mmene kusintha kwa nyengo kukukhudzira zamoyo, ndipo unasonkhanitsidwa ndi manja a anthu ambirimbiri amene ankangoti bokosi lakutilakuti, mazira asanu ndi awiri, n'kupita pa lotsatira. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikuganiza kuti mwana wanu adzakumana kwambiri ndi mitengo kusiyana ndi zisa, chifukwa nyengo yoswa mbalame imagundana ndi mayeso, ndipo tchuthi chachitali chikamayamba mu Juni anapiye ambiri amakhala atauluka kale. Ku Wytham komweko kuli chigawo cha mahekitala 18 chimene chinakhazikitsidwa mu 2008, momwe mtengo uliwonse uli ndi nambala yake ndipo umayezedwa mobwerezabwereza. Woyeza amazunguliza tepi pa thunthu pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, osati pamene pamukomera iye, kuti wodzayeza zaka zisanu kutsogolo adzayeze malo omwewo. Kuchokera pa manambala amenewa akatswiri amadziwa mmene nkhalango ikukulira, mpweya wa kaboni umene ikusunga, ndi mmene matenda a mitengo ya ash, amene anapezeka ku Britain mu 2012, akuwonongera. Ntchito yake ndi yotopetsa, yobwerezabwereza, mvula ikagwa kope limanyowa, koma m'menemo ndi mmene wophunzira amazindikirira kuti nambala imene amaiona m'buku inachokera kwa munthu amene akanatha kulakwitsa, ndipo amaphunzira kulemba zimene waona m'malo mwa zimene amayembekeza kuona.

Luso limeneli silipezeka m'kalasi, ndipo olemba ntchito za zachilengedwe komanso osankha ophunzira a digiri yachiwiri amalifunsa. Chinanso chimene adzatuluke nacho ndi kalata ya umboni yochokera kwa mphunzitsi amene wamuona akugwira ntchito kwa masabata angapo, yosiyana kutali ndi ya mphunzitsi amene amangodziwa malikisi ake. Ambiri amapezanso komweko mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza. Akadzabwera kuno kumudzi lusolo silidzagona, pakuti kuyeza mitengo ndi kuwerenga nyama ndi ntchito yomweyo imene imafunika posamala mkungudza wa paphiri la Mulanje kapena nyama za ku Majete, Liwonde ndi Nkhotakota.

Tsono za masuku pamutu zija sitingazikane zonse. Ntchito yosalipidwa imakomera ana a anthu opeza bwino, amene lendi ndi chakudya siziwadetsa nkhawa, ndipo ngakhale akatswiri a zachilengedwe eni ake amadandaula kuti mchitidwewu umatsekereza ana a osauka. Pali malo ena kumene wodzipereka amangomutuma kulambula njira ndi kunyamula katundu tchuthi chonse, osaphunzira kanthu. Choncho asanavomere, afunse dzina la amene adzamuyang'anire ndi kuti azidzakumana naye kangati, afunse ntchito yeniyeni imene adzagwire ndi masiku ake pa sabata, ndipo amve ngati thiransipoti, chakudya cha masana, malo ogona ndi inshulansi ya ngozi zili pa yunivesite kapena pa iye. Mayankho ake akhale olembedwa. Afunsenso ku dipatimenti yake ngati pali kathumba kothandiza ophunzira ochita kafukufuku wa pa tchuthi, chifukwa mayunivesite ambiri a kumeneko ali nato, kungoti sikalengezedwa mokweza ndipo nthawi yofunsira imatha msanga. Ngati ntchitoyo ndi ya masiku atatu pa sabata, ganyu ija angathe kuipitiriza masiku otsalawo.

Asaiwale za viza. Wophunzira digiri wochokera kunja amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata nthawi ya temu, ndipo ntchito ina yosalipidwa, ikakhala ndi maola oikika ndi udindo wokhazikika, imawerengedwa pa maola omwewo. Pa tchuthi malirewo amachoka, komabe apite ku ofesi yoona za ophunzira akunja akatsimikize masiku enieni amene temu yake imathera, komanso aone ngati malamulo a sikolashipu yake akulola.

Njoka zoopsa ngati za kwathu kuno kumeneko kulibe, koma m'udzu muli nkhupakupa zimene zina mwa izo zimafalitsa matenda a Lyme. Azivala buluku lalitali lolowetsa m'masokosi, azidziyang'ana thupi lonse madzulo, ndipo akaona chibanga chofiira chikukula pamalo polumidwa, kapena akamva kutentha thupi, apite kwa dokotala osadikira. Ngati mukufuna kumutumizira kanthu, ndalama ya nsapato zolimba zosalowa madzi ndi jekete la mvula imuthandiza kuposa china chilichonse, chifukwa ku England mvula imagwa ngakhale mu Julayi.