Credibility ndi chani, amatchula bwanji?

Achimwene, mwafunsa tanthauzo la credibility ndi katchulidwe kake. Amatchula kuti kre-di-BI-li-ti, mphamvu ili pa BI, osati kukoka LI monga timachitira ambirife. Tanthauzo lake ndi kudalirika kwa munthu kapena nkhani, zoti akalankhula anthu nkukhulupirira. Mwachitsanzo mboni kukhothi inene kuti wakubayo inamuona usiku, mawa lake isinthe kuti ayi kunali masana, loya wa mbali inayo amangoti credibility yake yatha basi, ndipo majisitireti zonena zakezo sazitengeranso. Mawuwa musamawonjezere s kumapeto, sizimveka bwino. Komanso muchenjere ndi incredible, masiku ano azungu amagwiritsa ntchito pa chinthu chodabwitsa zedi, ngati chigoli chochinyira pakati pa bwalo, sikuti akunena kuti ndi bodza.