Mpheteyo asaiyandikize kumoto chonde

Asisi, ndangoona chithunzi cha mphete yakale yotseguka mwaikayo mtima wayamba kugunda, ndasiya ndi chakudya chomwe. Zoti mukaigula mukaikulitse kuti ikwane chala cha bambo a kunyumba, imani kaye chonde.

Ine mu 2019 ndinagula yofanana nayo ku antiques fair, msika wa zinthu zakale, £720, ndalama ya ma night shift a miyezi ingapo ku care home, ndimafuna ndiwapatse amuna anga pokwanitsa zaka 50. Golide wa 15 carat, pamwamba mwala wobiriwira wa timadontho tofiira uja amati bloodstone, atagobapo zilembo ziwiri motembenuza kuti ukadinda pa phula la pa kalata ziwerengeke bwino. Ukapisa chikhadabo m'mbali kachivindikiro kamatseguka, mkati muli kagalasi kakang'ono ngati nyemba, pansi pa galasilo tsitsi lolukidwa bwinobwino ngati mkeka. Mkati mwa mkombero zidindo zonse zotsimikizira golide zinalipo, 15, .625, nangula wa ku Birmingham ndi chilembo cha chaka. Ku UK kuno 15 carat anasiya kudinda mu 1932, ndiye chidindo chokhacho chimachitira umboni kuti mpheteyo ndi yakale, palibe wokutsutsa.

Alamu anga atamva za tsitsi pa foni anakuwa kuti ndagula chithumwa, ndikataye msanga. Ayi ndithu. Azungu a nthawi ya Mfumukazi Victoria ankasunga tsitsi la wokondedwa wawo womwalira m'mphete ndi m'timikanda, makamaka mwamuna wa mfumukaziyo Prince Albert atamwalira mu 1861 zinafala kwambiri. Ogulitsa amakonda kuzitcha poison ring, ati zosungira poizoni, kuti mtengo ukwere, koma zambiri munkakhala tsitsi, kachithunzi kapena zonunkhiritsa. Ngakhale mphete ya Elizabeth I imene imasungidwa ku Chequers, nyumba yopumulirako nduna yaikulu ya UK, ukaitsegula muli tizithunzi tiwiri basi. Kwa ine tsitsi lija linali la munthu amene wina anamulira, ndiye ndinkalilemekeza.

Vuto inali yothina. Ndinapita nayo ku shopu ina ya zibangili mu shopping centre ya kufupi ndi kwathu, shopu yowala bwino, yodula, osati ya pakona ayi. Mnyamata wa pa kauntala ndinamuuza katatu konse kuti imatseguka, ndinamutsegulira pamaso pake, ndinamuonetsa tsitsi. Iye no problem madam, timapanga zimenezi tsiku lililonse. Pa kapepala anangolemba resize ndi £55.

Patatha milungu iwiri ndinapita kukatenga ndikuchokera ku ntchito m'mawa, yunifomu ili m'thupi, tulo tili m'maso. Anaitulutsa mu kaenvelopu ikuwala ngati yatsopano, kuda konse kwa m'mizere ya zilembo atakupukuta, pomwepo m'mimba munazizira. Ndikuti nditsegule, chikhadabo chikungoterereka. Ndayesa kawiri, katatu, mpaka chikhadabo kuthyoka. Mnyamata uja anaitenga nkupisa kampeni, ine ndikuti musatero musatero, ndinangomva kuti thwa, kachivindikiro kagwera pa galasi la kauntala nkugubuduka, kahinji kathyoka. Mkati kagalasi kang'aluka pakati, tsitsi lija lapsa lasanduka kaphulusa kakuda komata, kafungo ka tsitsi lopserera kaja ndinakamva ndithu. Nditatembenuza kuti ndione zidindo, anadula penipeni pamene panali nangula ndi chilembo cha chaka nkuikapo kachidutswa ka golide wina wotuwirako, mtundu wake wosiyana moti ndi mwana yemwe angaone. Kunangotsala 15 yokha, nayonso yofufutika. Ndinagwira kauntala ndi manja awiri miyendo ikunjenjemera, kumbuyo kwanga kuli mzere wa anthu, mayi wina akuyang'ana wotchi yake, ine misozi ikungotsika, tsiku lobadwa la bambo latsala masiku anayi.

Ndiye abwana ake anabwera, amene aja sindidzawaiwala. Ngakhale pepani, osanena. Akuti zinthu zakale zimakhala zofooka, munabweretsa mwa kufuna kwanu, akundilozera kachikwangwani ka tizilembo ting'onoting'ono kukhoma. Akuti mwina tsitsilo linali lowonongeka kale. Kale liti?? Chinthu chakhala zaka zoposa 100 chili bwinobwino, chakumana ndi iwo milungu iwiri chatha, kenako akundiyankhula pang'onopang'ono ngati sindimva chizungu. Ndinakalipa mpaka wa security anabwera. Anandibwezera £55 yawoyo basi, ngati akundichitira chifundo. Anthu opanda chisoni, zimandiwawa mpaka lero.

Sabata yotsatira ndinakwera sitima kupita ku Jewellery Quarter, dera la amisiri a zibangili ku Birmingham, bambo wina wachikulire anaiyang'ana ndi kagalasi ka pa diso nkupukusa mutu. Anandifotokozera kuti golide amayendetsa kutentha msanga, ukawotcherera kunsi ndi moto kutenthako kumafika pamwamba, galasi ndi tsitsi sizingapirire. Ntchito ngati imeneyo imafuna laser, ndipo wodziwa amadula pambali kuzisiya zidindo. Anati mtengo wake tsopano wangotsala wa kulemera kwa golide. Lamulo lilipo, Consumer Rights Act 2015 imati ntchito igwiridwe mosamala ndi mwaluso, koma ine ndinalibe chithunzi ngakhale chimodzi cha mkati ndisanaipereke, ndipo kapepala kaja sikanatchule za tsitsi, ndiye ndinangozisiya, mphamvu zokangana zinandithera.

Kunena zoona mphete zotsegukazi ndi mavuto, ndikanakhala inu ndikanagula yawamba yopanda kachipinda. Komano yanuyo ndi yokongola asisi, ikakhala ndi zidindo zonse musaisiye, simudzaipezanso. Auzeni ogulitsawo akutumizireni chithunzi cha mkati mwa mkombero. Chidindo chimaonetsa komwe golideyo anayesedwa: mutu wa kambuku ndi London, nangula ndi Birmingham, mitolo itatu ya tirigu ndi lupanga ndi Chester, komwe ofesi yodinda anaitseka mu 1962. 375 ndi 9 carat, 750 ndi 18 carat. Mukaona mawu oti rolled gold kapena GP dziwani kuti ndi golide wongokutira pamwamba. Tsegulani ndi kutseka kangapo muone ngati kahinji sikakugwedera. Musaikulitse, avale pa kachala kakang'ono, ndi pomwe azungu ambiri amavala signet, mphete zodindira ngati zimenezi, kapena pa tcheni. Ikakanikiratu pitani nayo ku Jewellery Quarter kapena Hatton Garden ku London kwa munthu amene ali ndi laser, muijambule mbali zonse, alembe pa lisiti kuti muli galasi ndi tsitsi, asapukute, asaike mu makina otsukira aja. Ndipo zikavuta osakalipa m'shopu, lembani imelo.

Yathu ija bambo amavalabe ku tchalitchi, kachivindikiro anamata sikatsegukanso. Akakutumizirani chithunzi cha zidindo ndiponyereni ku inbox ndione musanalipire.