Mafunso Anu: Kodi otiphunzitsa ife akuluakulu anaphunzira kuti?

Funso: Ndine mayi wa zaka 38, ndimagulitsa kaunjika mumsika waukulu wa Mzuzu. Ndinalekezera Folomu 3, ndipo chaka chino ndabwerera kusukulu ya masana kuti ndilembe MSCE. Mphunzitsi wathu wa masamu ndi mwana woti ndingamubereke. Amathamanga ndi phunziro, tikamufunsa amangoti "izi munaphunzira kale". Kodi aphunzitsi a sukulu zoterezi amakhala ndi mapepala anji? — Mayi wa ku Chibavi

Yankho: Mayi, msinkhu wake musaudandaule. Chofunika kudziwa ndi njira imene anadutsa kuti aime kutsogolo kwanu ndi choko. Sukulu za masana, zimene ambiri amangoti open, zimabwereka makalasi a sekondale ana a m'mawa akaweruka, ndipo zili pansi pa Malawi College of Distance Education. Kawirikawiri ophunzitsa amakhala aphunzitsi a m'mawa omwewo, atagwira kale tsiku lonse.

Mwa iwo muli amene ali ndi digiri ya uphunzitsi, monga ya ku Mzuni ku Luwinga, ku University of Livingstonia kapena ku UNIMA ku Zomba. Ena ali ndi dipuloma ya ku Domasi kapena ku Nalikule. Enanso anaphunzira uphunzitsi wa pulayimale ku TTC, monga ya ku Karonga, ndipo anawatumiza ku CDSS chifukwa cha kuchepa kwa aphunzitsi. Gulu lomaliza, limene limachuluka m'sukulu za eni ake, ndi la anyamata ndi atsikana a digiri ya zina, mwina zachuma kapena zaulimi, amene akuyembekezera ntchito. Phunziro lenilenilo angalidziwe bwino, koma kaphunzitsidwe sanakaphunzire, pokhapokha ngati anawonjezera satifiketi ya uphunzitsi ya ku yunivesite yotchedwa UCE.

Pano ndiye pagona nkhani: pafupifupi njira zonsezi zimakonzekeretsa munthu kuphunzitsa ana amene sanadukize sukulu. Mwana wa Folomu 3 anasiya masamu a Folomu 2 miyezi iwiri yapitayo, inu munawasiya zaka 20 zapitazo. Mawu akuti "munaphunzira kale" akuchokera pamenepo. Mphunzitsi wozolowera akuluakulu amayamba ndi kamayeso kakang'ono sabata yoyamba kuti aone pamene pagumuka. M'masamu kawirikawiri pamagumuka pa mafulakishoni, manambala a negetivu ndi kusamutsa zilembo mu aljebura. Izi zikapanda kukonzedwa, zonse za Folomu 3 ndi 4 zimangokhala zoloweza.

Musalimbane naye m'kalasi, angachite manyazi n'kuuma mtima. Pitani kwa ahedi muli atatu kapena anayi. Funsani phunziro limene mphunzitsiyo anatenga ku koleji, poti aphunzitsi a sekondale amasulidwa pa maphunziro awiri, osati onse, ndipo si zachilendo kupeza wa jogalafe atapatsidwa masamu. Funsaninso ngati amaphunzitsa Folomu 4 m'mawa, komanso ngati anachongapo mayeso a MANEB. Wochonga amadziwa kuti mamalikisi ambiri ali pa njira, osati pa yankho lomaliza lokha. Kenako pemphani Loweruka zingapo zobwereza za Folomu 1 ndi 2. Ngati mukutenganso Biology, Chemistry kapena Physics, funsirani limodzi za labotale, chifukwa maphunziro amenewa ali ndi pepala la pulakitiko, ndipo a masana ambiri amakagwira zipangizo koyamba tsiku la mayeso.

Funso: Amayi anga akufuna kuphunzira kuwerenga kuti azidziwerengera okha Baibulo ndi mauthenga a Mpamba. Koma mlangizi wa sukulu ya kwacha kwathu kuno ndi mnansi wathu amene sanamalize nkomwe sekondale. Akawaphunzitsa chiyani? — Bambo wa ku Zolozolo

Yankho: Bambo, musamupeputse. Ndondomeko ya sukulu za kwacha, imene boma linaikhazikitsa m'dziko lonse mu 1986, inapangidwa dala kuti mlangizi azichokera m'dera momwemo, wosankhidwa ndi anthu ake. Sukuluzi sizili pansi pa unduna wa zamaphunziro ayi. Zili ku unduna woona za chitukuko cha m'madera, ndipo mlangizi amayang'aniridwa ndi CDA, wantchito wa boma woona za chitukuko m'deralo; ambiri mwa iwo anaphunzira ku Magomero College ku Chiradzulu. Mlangiziyo amaphunzitsidwa kwa nthawi yochepa chabe, amapatsidwa buku monga Chuma ndi Moyo, ndipo amalandira kangachepe kothokoza, osati malipiro.

Kufooka kwa dongosololi n'koonekeratu: maphunziro ake ndi afupi, mabuku amasowa, ndipo kangachepe kaja kakachedwa mlangizi amapita kukasaka ganyu, kalasi n'kumwazika. Koma pali zimene mnansiyo ali nazo zoti wadigiri alibe. Amadziwa kuti nthawi ya dzinja amayi ali kumunda. Amadziwa amene kunyumba amalankhula Chitumbuka kapena Chitonga pomwe buku lili m'Chichewa, ndipo amawamasulira asanasokonezeke. Ndiponso amayi anu sangachite naye manyazi akalemba chilembo chotembenuka.

Pitani mukakhale kumbuyo tsiku limodzi. Mlangizi wabwino amayamba ndi kukambirana chithunzi kapena nkhani ya pamudzi, amatengapo mawu amodzi, kuwaduladula m'maphatikizo, ophunzira n'kupanga mawu ena okha. Ngati onse akungoimba "a e i o u" ngati ana a Sitandade 1, akuluakulu amaona ngati akunyozedwa ndipo pakatha mwezi amasiya. Chinanso chimene ambiri amaiwala: kayezetseni maso a amayi. Okalamba ochuluka amene amati mutu wawo sugwira amangosowa magalasi owerengera.

Funso: Ndimagwira ntchito ya ulonda usiku, ndikufuna kuphunzira zowotcherera. Koleji ina ya mtauni muno ikuti mphunzitsi wawo ndi injiniya. Ndilipire? — Mnyamata wa ku Mchengautuba

Yankho: Achimwene, mawu akuti injiniya ndi otchipa, aliyense wogwira sipanala amatchedwa choncho. Pa ntchito zamanja funsani satifiketi ya luso lomwelo. Pa Trade Test, mayeso a boma a umisiri, giledi 3 ndiyo yoyambira ndipo giledi 1 ndiyo yapamwamba, ndiye wophunzitsa ayenera kukhala pamwamba pa giledi imene inu mukufuna. M'makoleji monga Mzuzu Technical College mumapezeka amisiri amene anawonjezera za uphunzitsi, ena mpaka digiri ya ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic. Mmisiri wa pashedi amakupatsani dzanja koma osati pepala, pomwe wa pepala lokha amakudzazirani kope ndi manotsi, inu osadziwa kuika moto woyenera ndodo yowotcherera ya 2.5 mm pa paipi yopyapyala, n'kumangoiboola.

Musanapereke fizi, onani chikalata chosonyeza kuti kolejiyo inalembetsa ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo funsani bungwe limene lidzakupatseni mayeso. Kenako lowani m'shedi muwerenge makina owotcherera ndi zotchinga kumaso, muyerekeze ndi chiwerengero cha ophunzira. Makina amodzi pa anthu 20 ndiye kuti pa maola awiri aliyense agwira mphindi zisanu ndi imodzi.