Musagule kaye klatchi, achimwene

Bambo wina wa ku Bangula wandilembera. Akuti galimoto yawo ikamathamanga ilibe vuto, koma akangoponda klatchi kuti aime, injini imazima. Makaniko wawauza kuti agule klatchi yatsopano, ndiye akufunsa ngati agule.

Achimwene, nditawerenga ndinaika kaye foni pansi, chifukwa mwanditosa pachilonda.

Ndinali ndi kapikapu ka petulo, kokalamba ndithu, komwe ndinkanyamulira mbuzi ku Ngabu kukagulitsa ku Blantyre. Tsiku lina pobwerera ndinatsika phiri lonse lija bwinobwino, makona onse ndatha, mpaka kufika pa rodibuloko ya pa Thabwa. Ndiponde buleki, ndiponde klatchi, injini zii! Chiwongolero chinauma nthawi yomweyo, buleki nayo nditaipopa kangapo inalimba ngati mwala. Ndinaima ndi chisomo chabe. Nditaliza inalira ngati sinalakwe kanthu. Pa Dyeratu, chimodzimodzi. Pa Nchalo, pakati pa anyamata a kabaza, kawiri konse.

Makaniko amene ndinapitako, dzina ndisunga, sanatsegule n'komwe boneti. Atangomva mawu oti klatchi anati, "Bwana, yatha imeneyo." Giyabokosi pansi, galimoto masiku awiri ili pamiyala pansi pa mtengo wa nimu, ndalama ya mbuzi zitatu yapita. Tsiku lotuluka ndinangoyenda pang'ono, ndiponde klatchi, zii.

Amene anapeza vuto ndi kamnyamata kamene kankangotumidwa masipanala pagalaja lina. Kanaweramira mu injini ili kulira n'kunena kuti, "Abwana, mukumva kutswiii uko?" Payipi ya rabala yochokera ku injini kupita ku chim'phika chakuda cha mabuleki, chija amati booster, inali itang'aluka kunsi komwe diso silifika. Injini inkakoka mpweya wakuba, petulo n'kuchepa mphamvu. Mtengo wa payipiyo sunafike ndi wa nkhuku yomwe.

Pajatu galimoto ikakhala m'giya ikuyenda, mateyala amathandiza kuzunguza injini. Zili ngati munthu woledzera kachasu amene mnzake wamugwira mkono: amaoneka woyenda bwino. Kuponda klatchi ndi kumusiya mkono uja. Akagwa, mlandu si wa amene wamusiya. Injini yabwino ya petulo ikatentha imayenera kulira payokha cha m'ma 700 kapena 800 pa geji yake, phazi lili kutali. Ikalephera, ndiye kuti siikupuma bwino. Klatchi yotha imadziwika mwina: mumaponda mafuta, injini n'kukuwa, galimoto osakoka, fungo la chinthu chopserera lili phuu.

Ndinene mosabisa, makaniko wokuuzani kuti mugule chitsulo asanamve injini ikulira si makaniko, ndi wamalonda. Ndipo ife eni magalimoto tili ndi mlandu wathu. Timakonda kumva dzina la chinthu chodula, ngati kuti matenda aakulu ndi ulemu. Akati "ndi kapayipi chabe" timamuona ngati sadziwa ntchito.

Komanso kuno kuchigwa galimoto imakalamba mwa mtundu wake. Dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala, lija limapitirira madigiri 40, limaumitsa rabala mpaka kumathetheka ngati chikonyo. Fumbi nalo silisankha. Sefa ya mpweya imene wa ku Zomba angayende nayo miyezi yambiri, kuno imadzadza msanga, ndiye anthu amangoigogoda pateyala n'kubwezeramo, ena mpaka kuichotseratu. Fumbi lonselo limakamatirira pakhosi pa injini. Onjezani petulo wa m'zigubu amene tonse tinagulapo nthawi ya mizere, ndi magalimoto aja anamira m'matope a Freddy mu Malichi 2023 n'kungotsukidwa kunja kokha. Ndipo poti ndatchula phiri, inu madalaivala otsika kuchokera ku Blantyre muli pa nyutulo kapena mutapondereza klatchi ati kusunga mafuta, lekani. Injini ngati yanga ija ikakuzimirani pakona, mudzatsala ndi chiwongolero chouma ndi mabuleki olimba, phompho lili pambali.

Ndiye muchite chiyani

Imitsani galimoto pamalo osatsetsereka, ikani pa nyutulo, injini itenthe, kenako pondani klatchi yokha osakhudza buleki.

Ngati siikusintha kalilidwe, koma imazima pokhapokha mukuchokera paliwiro, klatchi ilibe mlandu. Mverani mapayipi a mpweya ngati akuliza mluzu, pondani buleki muone ngati injini ikunjenjemera, onani sefa, tsukitsani khosi la injini lija, lomwe amati throttle body, ndi kavalavu kake ka idling, koyang'anira kulira kwa injini phazi lili kutali. Ikakhala yakale ya kabureta, jeti yaing'ono, kabowo kopereka petulo injini ikamalira payokha, ndiye imatsekeka. Ngati mwachotsa batire posachedwa, magalimoto ena amafuna kaye nthawi kuti kompyuta izolowerenso.

Koma ikamafooka kapena kuzima mutangoima pomwepo, apo mpovuta. Kukamveka kulira kapena kukwecha pamene mwaponda, ndi release bearing, kachitsulo kozungulira kamene kamakankha klatchi mukaiponda, ndipo giyabokosi itsikadi. Choopsa kwambiri ndi ichi: zimitsani injini, mnzanu aziponda klatchi n'kumasiya, inu muziyang'ana pule yapansi yomwe imazunguza malamba. Crankshaft, chitsulo chozungulira m'kati mwa injini chimene pule ija yamangidwako, imaloledwa kusuntha kutsogolo ndi kumbuyo pang'ono zedi, osafika ngakhale theka la milimita. Mukaona ndi maso pule ija ikutuluka n'kubwerera, ma thrust washer, tizitsulo toletsa crankshaft kusuntha choncho, adyeka, ndipo mukakhetsa oilo mupezamo tizitsulo tonyezimira. Imeneyo musayende nayo ngakhale ulendo wa ku Nsanje boma, chifukwa crankshaft ikayamba kudya buloko, thupi lenileni la injini, mugula injini yonse.

Mukayesa mundilembere, ndipo munene kuti ndi galimoto yanji, poti m'kalata muja munangoti "galimoto yanga".